Kodi ndichotse matayala amene anabwera ndi njinga yatsopano?

Wofunsa, Moatize:
Akuluakulu, ndagula njinga yampikisano yomwe yabwera ndi matayala a 700x25 (a saizi 700, mamilimita 25 m'lifupi), olimba ngati chikopa chouma. Kodi ndiwasinthe tsopano, kapena ndidikire kuti athe kaye? Ndimapalasa mumsewu wa N7 kulowera ku Zóbuè.

Woyankha, Ulónguè:
Achimwene, opanga njinga amatsitsa mtengo poika matayala olemera, okhala ndi waya m'mphepete ndiponso labala wosagwira bwino tara ikanyowa. Ngati foloko ili ndi mpata, gulani a 700x28, chifukwa amafuna mpweya wocheperako ndipo sagwedeza manja pamalo okumbika. Matayala a mtundu wa Continental Gatorskin ndi odula, koma ali ndi nsalu mkati yotchinga minga ndi magalasi. Onetsetsani kuti pambali pa tayala palembedwa 622, nambala yosonyeza kukula kwa limu m'mamilimita, apo ayi salowa pa limu.

Woyankha, Tete:
Ine ndikusiyana nawo pang'ono. Ngati sakuphulika kawirikawiri, agwiritseni ntchito mpaka lakumbuyo liphwatalale pakati, popeza ndilo limayamba kutha. Komanso m'mwezi wa Okutobala musapope mopitirira muyeso, pakuti tara yotentha ya kuno imakweza mphamvu ya mpweya m'chubu.