Begonia akuwola patsinde mumphika wosakaniza maluwa

Wa nazale, Zomba: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndi miphika ya simenti ya pakhonde la kasitomala, pakamwa masentimita 40. Uliwonse muli begonia atatu a masamba onyezimira aja, impatiens awiri, ndi petunia m'mbali. Impatiens akusangalala, petunia akungotalika osachita maluwa, koma begonia akuda patsinde pamene pagunda dothi, kenako n'kugwa. Dothi ndi lakudimba, losakaniza ndi manyowa a ng'ombe. Amathirira m'mawa ndi madzulo.

Wokonza mabwalo, Lilongwe: Achimwene, maluwa atatuwo samwa mofanana. Impatiens akangomva ludzu amafota, wothirira n'kuthamangira kheni. Pamenepo begonia, amene amasunga kale madzi m'tsinde lake, amakhala m'chinyontho usana ndi usiku mpaka nkhungu ya m'dothi imulowa. Tsinde likada n'kufewa silichiranso. Petunia mumuchotse, amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposerapo, pakhonde saliona.

Mayi wa maluwa, Mzuzu: Dothi lakudimbalo ndiye lalakwa kwambiri, bambo. Mumphika limagwirana, mizu imasowa mpweya, ndipo mizu ya begonia ndi yopyapyala ngati ulusi. Sakanizani ndowa 2 za kompositi wa masamba wowolerana bwino, ndowa 1 ya mchenga wokhakhala wa kumtsinje, ndi ndowa 1 ya mankhusu a mpunga owauka. Finyani m'dzanja kali konyowa: mukatambasula, kamwazike kokha. Kakatsala chibuma, onjezani mchenga.

Muonenso pansi. Miphika yambiri ya simenti imabwera ndi kabowo kamodzi, kamene kamatsekeka mphika ukakhala pa simenti inzake. Boolani ena 4, otakata sentimita imodzi, n'kuukhazika pa njerwa. Miyala yoyala pansi m'kati sithandiza, imangochepetsa malo a mizu.

Wa nazale, Zomba: Zikomo amayi. Vuto n'lakuti kasitomala impatiens akuwafunabe.

Wokonza mabwalo, Lilongwe: Ndiye begonia aliyense akhale m'kamphika kake ka pulasitiki ka masentimita 12, mukakwirire mumphika waukuluwo, mlomo wake utulukire pang'ono pamwamba pa dothi. Wothirira azithira mozungulira kunja tsiku ndi tsiku. M'kati azithira pokhapokha akapisa chala masentimita 2 kapena 3 n'kupeza pouma, ndipo m'mawa okha, padothi, osati pamasamba. Musazamitse tsinde kuposa mmene linalili mu chubu.

Mayi wa maluwa, Mzuzu: Kwa miphika ina yamtsogolo, mnzake wabwino wa begonia ndi spider plant, wa masamba aatali ngati udzu, amapirira dothi likamauma pakati. Coleus, wa masamba amitundumitundu, amagwirizana nayenso, bola muzimutsina nsonga, apo ayi amamuphimba. Siyani masentimita 20 pakati pawo kuti mphepo izidutsa, chifukwa mu Juni ndi Julayi, ndi chifunga cha ku Zomba kuja, masamba othinana amachita nkhungu yoyera ngati ufa. Yuriya musathire, amafewetsa matsinde. Nsonga za begonia zimene sizinawole dulani masentimita 8, mubzale mumchenga wonyowa pamthunzi. Zimamera mizu pakatha masabata atatu kapena anayi. Dothi lakalelo musabzalemonso begonia.