Azakhali akufuna kusiya kemo chifukwa cha botolo la "maselo a NK"

Mayi a ku Chibavi:
Azakhali anga anawapeza ndi khansa ya m'mawere ndipo anayamba kemo, mankhwala a khansa aja a m'dilipi. Tsitsi layamba kuthothoka, akusanza, nsima yawakana. Ndiye mnyamata wina wogulitsa zitsamba wawabweretsera botolo lobiriwira, ati limadzutsa maselo a NK kuti adye chotupa, ati asiye kemo chifukwa ikupha chitetezo. Mawu amenewa awalowa mumtima. Inu odziwa za thupi, maselo amenewa alipodi kapena ndi malonda chabe?

Wa labu ku Katoto:
Pepani ndi matenda, mayi. Maselowo alipodi, ndipo NK ndi chidule cha "natural killer", kutanthauza akupha mwachibadwa. Ndi mtundu wa maselo oyera a magazi, amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndipo pa ma lymphocyte (gulu la maselo oyera limene a NK alimo) 100 alionse, a NK amakhala 5 mpaka 15. Tikapaka utoto magazi pa kagalasi nkuika pa maikulosikopu, amaoneka okulirapo kuposa anzawo, ali ndi timadontho tofiirira m'kati. Timadontho timeneto ndiye zida zawo.

Anawatulukira mu 1975, Rolf Kiessling ndi anzake ku Karolinska Institute ku Sweden, komanso gulu la Ronald Herberman ku America. Chinawadabwitsa n'chakuti maselowa amapha selo la khansa pomwepo, chikhalirecho maselo a T, mtundu wina wa ma lymphocyte, amafuna masiku angapo kuti amudziwe kaye mdani.

Selo lathanzi limanyamula chizindikiro pamwamba pake chotchedwa MHC class I. Maselo ambiri a khansa amachichotsa pofuna kubisalira maselo a T. Koma selo la NK lili ngati mlonda wa pageti: wopanda chitupa ndi amene amamugwira. Amene anafotokoza zimenezi ndi wasayansi Klas Kärre m'zaka za m'ma 1980. Selo la NK likagwira, limakakamira pa selo lodwalalo, limatulutsa perforin yoboola khungu lake, ndiye ma granzyme amalowera pa timabowoto n'kulichititsa kudzipha lokha.

Vuto lili apa. Chotupa chikafika pomveka ndi dzanja, ndiye kuti chinapambana kale nkhondo yake ndi maselo a NK. Chimatulutsa zinthu monga TGF-beta zofooketsa maselo a NK, ndipo ochepa okha ndi amene amalowa m'kati mwake. Chimene chikundipweteka ine n'chakuti mnyamatayo watenga dzina lenileni la sayansi n'kugulitsira nalo madzi. Ngakhale full blood count yathuyi, kuyeza kowerenga maselo a m'magazi, simawerenga maselo a NK paokha, pamafunika makina apadera. Mumufunse kuti iye anayezera pati.

Namwino wa ku Luwinga:
Achemwali, pa mfundo imodzi mnyamatayo sananame: kemo imatsitsadi maselo oyera. Nthawi zambiri amatsikitsitsa pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni kemo, kenako amakweranso. N'chifukwa chake timayamba tayeza magazi tisanamuike munthu dilipi ina. Azakhali akatentha thupi masiku amenewo musadikire kuti kuche, thamangirani nawo kuchipatala.

Za kusanza kuli mankhwala, akapemphe, asachite manyazi. Botololo mulitenge akalione adokotala, poti zitsamba zina zimalemetsa chiwindi chomwe chili kale pa ntchito yosefa kemo. Komanso mudziwe kuti akuchipatala sadana nawo maselo a NK. Mankhwala a trastuzumab, operekedwa pa khansa ya m'mawere ya mtundu wa HER2, amamatirira pa selo la khansa, ndipo maselo a NK amatsatira chizindikirocho n'kulipha.

Bambo a ku Zolozolo:
Ine si wachipatala, ndine telala, koma izi ndazionera pathupi panga. Ndinatuluka mabanga akuda kumiyendo, phazi linatupa mpaka nsapato osalowa, makina ndinkapalasa ndi mwendo umodzi. Inali Kaposi, khansa yoyambitsidwa ndi kachilombo ka HHV-8, komwe kamapezerapo mwayi chitetezo chikagwa. Anandiyambitsa ma ARV ndi kemo pamodzi. CD4 itakwera mabanga aja anayamba kuphwa, lero ndimavala nsapato ndipo ndikusoka mayunifolomu. Kusanza ndinasanza ndithu, mayi, ndipo tsiku la dilipi ndinkalilota usiku. Chinkandithandiza ndi phala lamadzimadzi pang'onopang'ono, ndi kukhala kutali ndi fungo la mafuta okazingira. Azakhali asamapite okha ku dilipi, muziwaperekeza.