Chipilala cha asilikali a Keyala chikugumuka: tichikute ndi simenti?

Mmisiri wa ku Thondwe:
Akuluakulu anzanga, ndabwera kudzapempha nzeru. Amfumu a mudzi wina kuno andipatsa ntchito yokonza chipilala chokumbukira anthu awo amene anapita kunkhondo ndi gulu la King's African Rifles, lija makolo ankalitcha Keyala. Ndi cha njerwa zowotcha, chang'aluka chakumunsi, ndipo mayina olembedwa pa pulasitala akutidwa ndi ndere moti ena sakuwerengeka. Komiti ikufuna ndichikute chonse ndi simenti, ndipake penti wa mafuta, ndilembenso mayinawo pasanafike pa 11 Novembala, tsiku limene nkhondo yoyamba ya dziko lonse lapansi inatha mu 1918. Mtima wanga ukukana, koma ndikusowa mawu owayankhira.

Mmisiri wopuma wa ku Domasi:
Achimwene, mtima wanuwo ukunena zoona. Zomanga zakale zambiri anazimanga ndi laimu, ndipo laimu amalola chinyontho kutuluka, pamene simenti ndi wolimba kuposa njerwa zakalezo ndipo amatsekera madzi m'kati. Ndi mvula ya kuno kunsi kwa phiri la Zomba, njerwa zidzafumbwa kuseri kwa pulasitala watsopanoyo, kenaka adzamatuka ngati khungwa. Kandani pang'ono pakati pa njerwa. Mukapeza dothi loyera lofumbutuka ndi chala, ameneyo ndi laimu, ndipo mubwezeretse yemweyo, muyezo umodzi wa laimu pa miyezo itatu ya mchenga wamumtsinje wosefa bwino. Mukamata, phimbani ndi masaka onyowa kwa masiku angapo, chifukwa laimu akauma mothamanga ndi dzuwa la Okutobala amang'aluka. Koma yambani mwaona kumene madzi amadikha, popeza mng'alu wakumunsi kawirikawiri umayambira pamaziko.

Mayi wolemba zikwangwani wa ku Chinamwali:
Bambo, musanakhudze njerwa ngakhale imodzi, sungani mayinawo. Pitani usiku ndi tochi, muunike kuchokera m'mbali kuti zilembo zokumbika zionetse mthunzi, ndipo mujambule dzina lililonse palokha. Ndere muchotse ndi madzi ndi burashi yofewa basi. Ya waya kapena asidi zimachotsa ndere pamodzi ndi zilembo. Ndikupemphaninso kuti musakonze kalembedwe ka dzina ngakhale likuoneka lolakwika, chifukwa mwina umo ndi mmene linalembedwera m'kaundula wa asilikali, ndipo mdzukulu wofufuza agogo ake adzalifuna momwemo. Ngati komiti ikufuna zowala, mulembe pa chitsulo chatsopano ndi kuchiimika pambali.

Mphunzitsi wa zomangamanga wa m'tauni:
Ndionjezereko mfundo yoti mukawauze amfumu. Nsanja ya njerwa imene ili pafupi ndi Cobbe Barracks, malo a asilikali ku Zomba, imakumbutsa dziko lonse za asilikali a Keyala amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, koma chipilala cha m'mudzi chimanena za mwana wa uje, wa pakhomo lakuti, amene mwina anamenya nawo ku Karonga mu Sepitembala 1914, kapena anakafika ku Burma pa nkhondo yachiwiri. Funsaninso nkhalamba za atengatenga, anthu amene ankasenza katundu wa asilikali ndipo ambiri anafera m'njira ndi matenda ndi njala. Ngati mabanja akuwakumbukira, chitsulo chatsopanocho chiwalandire. Ndi bwinonso kudziwitsa a nthambi ya boma ya Museums and Monuments ntchito isanayambe, popeza malamulo a dziko lino amateteza zinthu zakale zotere.

Mmisiri wa ku Thondwe:
Zikomo nonse. Madala a ku Domasi munalasa: ndakanda ndipo ndi laimu, komanso madzi ochokera padenga la tchalitchi amathera pamaziko penipeni. Dzulo usiku tinaunika ndi tochi, ndipo mayina awiri amene tinkati anafufutika awerengeka. Gogo wina atamva limodzi anati ndi malume awo. Amfumu avomera kuti chaka chino tikumbe ngalande, titsuke ndi kumata ming'alu yokha, ndipo kalata yopita ku boma ailemba mawa. Chimene chikundisowa tsopano ndi laimu womangira, chifukwa amene ndapeza mumsika ndi wothira m'munda. Alipo akudziwa kumene ndingamupeze, kaya kuno kaya ku Blantyre?