Za jakisoni wa opaleshoni ya kakolo uja

Paja ndinafunsa kuti pa opaleshoni ya kakolo ya mchimwene wanga wabwino ndi uti, jakisoni wochititsa dzanzi wa pamsana kapena wa kuseri kwa bondo. Zinatheka, ndipo anamubaya onse awiri. Adokotala anati wa pamsana amafunika chifukwa amamanga lamba wothina kwambiri pantchafu kuti magazi asamatuluke ndiye wa bondo yekha sakanakwana, koma wa pamsanayo pakangotha maola 2 kapena 3 basi wasuluka. Wa kuseri kwa bondo anabaya akuyang'ana pa sikani, phazi linachita dzanzi mpaka m'mawa, munthu anagona bwinobwino. Koma abale dzanzi likamatha ululu wake si masewera, muzimweratu mankhwala a ululu lisanathe, komanso phazi losamva kanthulo musamalipondetse pansi.