Akawunti ya GR/IR yakana kuyera, mwezi tikutseka mawa

Nachisale
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndangotha miyezi itatu pa desiki yolipira masapulaya, ndipo timagwiritsa ntchito SAP, sisitimu ya pakompyuta yosungira mabuku a kampani. Mawa tikutseka mwezi koma akawunti ya GR/IR, yomwe imasunga ndalama za katundu wolandiridwa yemwe invoisi yake sinalowe, ili ndi credit yaikulu zedi, bwana akuti ndifotokoze. Chikundizunguza mutu n'choti trial balance, mndandanda wa ma debit ndi ma credit onse, ikugwirizana bwinobwino. Ndinati ndingolemba journal ndiyeretse, sisitimu yandikaniza, ikuti akawunti imeneyi salembamo pamanja. Pali njira yoitsegulira?

aMbewe
Achemwali, muithokoze sisitimuyo kuti yakugwirani dzanja. Za trial balance chotsani m'mutu. SAP silola chikalata chilichonse kulowa ngati debit ndi credit sizikufanana, ndiye ngakhale mutaika ndalama pa akawunti yolakwika, idzagwirizanabe basi. Njira yolemba mbali ziwiriyi, yomwe Luca Pacioli anaifotokoza m'buku ku Venice mu 1494, imangotsimikiza kuti mwalemba kawiri, osati kuti mwalemba pamalo pake.

Tiyambire pa chiyambi. Katundu akafika, a ku stores amalowetsa pa MIGO, sikirini ya katundu mu SAP, ndi movement 101, nambala ya kulandira katundu. Pamenepo sisitimu imaika debit ku stock, credit ku GR/IR. Tanthauzo lake: katundu tili naye, ngongole tili nayo, koma invoisi sinabwere. Invoisi ikafika inu mukaiposita pa MIRO motsata oda yake, debit imapita ku GR/IR, credit kwa sapulaya. GR/IR n'chipinda chodikirira chabe. Tsono funso si lakuti tichotsa bwanji ndalamazo, koma ndani akudikira m'chipindamo, ndipo akudikira chiyani. Tsegulani MB5S, lipoti la zotsalira pa GR/IR, mutiuze zomwe mukuona.

Nachisale
Zikomo bambo. Ndatsegula. Mizere ilipo 23. Yambiri ndi ya katundu wofika sabata ino. Koma itatu ndi ya mwezi watha, ya sapulaya mmodzi, ndipo ndi imene yanyamula ndalama zambiri. Chodabwitsa, sapulaya ameneyu tinamulipira kale. Ndinalipira ndine.

Nangozo
Ya sabata inoyo musaikhudze, m'bale wanga. Imeneyo ndi ngongole yeniyeni. Katundu walowa mwezi uno, ndiye ngongole yake iyenera kuoneka mwezi uno, kaya pepala la sapulaya lafika kaya silinafike. Ife tili pa Odoo, sisitimu ina, kuno akawunti yotereyi amaitcha Stock Interim, koma nkhani yake ndi yomweyo.

Pa itatuyo ndikufunseni: invoisi zake munalowetsera pati? Mwaona pa ME23N, pa mbiri ya oda, ngati invoisiyo ikuoneka?

Nachisale
Sikuoneka. Pali kulandira katundu kokha. Ndakumbuka tsopano. Tsiku limenelo MIRO inkandivuta, inkandifunsa zinthu zomwe sindinkazidziwa, ndipo sapulaya ankaimba foni pafupipafupi. Mnzanga wina anandiuza kuti ndidutsire pa FB60, n'zachangu. Ndinaika ku akawunti ya zogula zogwiritsira ntchito.

aMbewe
Ndi pomwepo pagona nkhani. FB60 siidziwa oda, siidziwanso GR/IR. Ndi khomo la invoisi zopanda oda. Onani zomwe zachitika. Tinene kuti katunduyo ndi wa 1,000. A ku stores ataposita, stock inakwera ndi 1,000, GR/IR inatenga credit ya 1,000. Inu pa FB60 munaikanso debit ina ya 1,000 ku akawunti ya zowonongedwa (expenses), credit kwa sapulaya. Munalipira, akawunti ya sapulaya inayera, koma GR/IR ikudikirabe invoisi yomwe inalowera khomo lina. Mabuku anu akuonetsa ngongole yomwe kulibe, phindu la mwezi watha linatsika popanda chifukwa, ndipo katunduyo akamatuluka mu stock mtengo wake udzawerengedwanso kachiwiri.

aPhiri
Bwanji osangogwiritsa ntchito MR11? Inapangidwira kuyeretsa GR/IR. Mphindi zisanu zatha, mtsikanayu akagone.

aMbewe
Ayi achimwene, pamenepo ndikutsutsani. MR11 ndi ya zotsalira zomwe mwatsimikiza kuti invoisi yake sidzabweranso. Mukaiyendetsa apa, mukuuza sisitimu kuti katunduyu anabwera waulere. Ngati ali pa moving average, mtengo wosintha mukagula katundu wina, mtengo wa stock utsika, ndipo chilichonse chotuluka pambuyo pake chituluka ndi mtengo wabodza. Ngati ali pa standard price, mtengo wokhazikika, ndalamazo zikagwera ku akawunti ya price difference, komwe wina adzafunsidwanso. GR/IR iyera ndithu, koma zinyalala mwangozikankhira kuseri kwa chitseko.

aPhiri
Ndavomera ngati katundu akadali m'shelefu. Ine ndimaganiza kuti ndi zinthu zomwe zinagwiritsidwa kale ntchito. Komabe mwezi watha ndi wotseka, mubweza bwanji?

Nangozo
Sakufunika kutsegula mwezi watha. Pa FB08, yobwezera zikalata, asankhe reversal reason yolola deti lina, abweze ndi deti la mwezi uno. Kupita kwa bwana kukapempha kuti atsegule pa OB52 mwezi womwe malipoti ake anatuluka kale, n'kudziitanira maodita.

Koma Nachisale, FB08 ikukanani poyamba, chifukwa invoisiyo inamangidwa kale ndi malipiro ake. Yambani ndi FBRA, mumasule invoisiyo ku malipirowo. Apa tsegulani maso: ikufunsani ngati mukungomasula kapena mukubwezanso chikalatacho. Sankhani kungomasula. Ndalama zinatulukadi ku banki, malipirowo asabwezedwe. Kenako FB08 pa invoisi, kenako MIRO motsata oda, ndi tax code yomwe inali pa invoisi yoyamba, kenako F-44 kumanga invoisi yatsopanoyo ndi malipiro akale aja.

Ndipo pa MIRO ikanipo payment block, yoletsa kulipira, mpaka mutamaliza F-44. Kuntchito kwanga kwakale tinasiya invoisi yotere ili yotseguka usiku umodzi, m'mawa F110, yomwe imalipira masapulaya yokha, inayenda, sapulaya analandira kawiri. Kuzitolera ndalamazo kunatitengera nthawi yaitali, ndipo amene anaposita ndinali ine.

Nachisale
Ndikuopa kuti bwana akwiya. Sindingangochita mwakachetechete?

aMbewe
Simungathe ngakhale mutafuna. Chikalata chilichonse chimasunga dzina la woposita, deti ndi nthawi. Lembani kalata yaifupi: maoda atatu awa, invoisi zinalowa pa FB60, ndikupempha kubweza ndi kulowetsanso pa MIRO. Bwana asayine kaye. Ayenera kudziwa, chifukwa zowonongedwa za mwezi uno zioneka zotsika mwadzidzidzi, ndipo akafunsidwa ndi akulu ake asachite chibwibwi.

Nachisale
Bwana asayina, sanalankhule zambiri. Maoda awiri ayera. Wachitatu watsala ndi kachidutswa: tinalandira makatoni 100, invoisi ikuti 98. Apa ndiye MR11 ija?

aPhiri
Dekhani kaye, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinayambira ku stores, ndiye ndikudziwa mmene zimakhalira. Nthawi zambiri makatoni awiriwo anafika osweka, dalaivala anabwerera nawo, koma amene analandira anali ataposita kale 100 malinga ndi delivery note. Sapulaya ndiye walondola, olakwa ndi ife. Mukayeretsa ndi MR11, ndalama ziyera koma sisitimu izinenabe kuti makatoni awiriwo alipo, ndipo tsiku lowerenga katundu adzawasakasaka mpaka mdima. Pitani nokha kosungira katunduko, osangoimba foni. Muone delivery note ngati pali pomwe analembapo ndi cholembera. Ngati anabwezadi, a ku stores aposite movement 122, ya kubweza katundu kwa sapulaya, pa MIGO, GR/IR iyera yokha.

aMbewe
Apa ndiye aPhiri mwandigwira, za ku stores sindikanaziganiza.

Nachisale
Ndabwerako. Pa delivery note analembapo kuti awiri abwezedwa, pepalalo linali m'dirowa. Aposita 122, mzere wachitatu wachoka. Yatsala mizere 20 ya sabata ino, ndailemba pa pepala limodzi ndi madeti olandirira katundu kuti bwana aone. Kafunso kena: mnzanga uja wa FB60 wanditumizira uthenga kuti nayenso ali ndi invoisi zisanu zomwe analowetsa motero, ziwiri za chaka chatha. Za chaka chathazo njira ndi yomweyi?

Nangozo
Zitatu za chaka chino achite monga mwachitira inu. Za chaka chathazo asakhudze usiku uno, zimenezo zikugunda mabuku omwe maodita anasayina kale. Abwere nazo kuno mawa mukatseka, atiuzenso ngati katundu wake akadali mu stock.