Zotsatira za sopo wa batala uja

Abale ndi alongo, ndabweranso. Miyezi yapitayi ndinafunsa ngati batala wa mkaka wa ng'ombe zathu angapange sopo, poti ndinali ndikungoyamba kumene. Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha, makamaka mayi amene munandichenjeza za fungo.

Ndinatsatira malangizo anu. Batala ndinayamba ndamusungunula pamoto wochepa n'kusefa zoyera zimene zimapatuka akasungunuka, ndipo ndinaika gawo limodzi lokha mwa magawo 10. Otsalawo anali mafuta a ng'ombe a ku butchala ndi a mpendadzuwa pang'ono. Sopo wagwira bwino, ndi wolimba, thovu lake lofewa. Koma fungo lilipodi ndithu. Akakhala wouma silimveka, koma ukangosamba m'manja umamva kafungo ngati ka chambiko chogonera. Chimachititsa ndi asidi wa mu batalamo wotchedwa butyric acid, choncho ine sindidzapitirira muyezo umenewu.

Chandisangalatsa kwambiri ndi mkaka weniweni m'malo mwa madzi osungunulira kositiki soda, mankhwala amene amasandutsa mafuta kukhala sopo. Ndinauumitsa mu firiji mpaka kugwira ayezi, n'kumathiramo kositiki soda pang'onopang'ono uku ndikutakasa. Sunapserere, unangosanduka wachikasu. Mukathira soda mu mkaka wosazizira, shuga wake amapsa, umada n'kuyamba kununkha.

Inu amene mukufuna kuyamba, yezani zonse pa sikelo, osati ndi kapu. Mafuta a ng'ombe okwana kilogalamu imodzi amafuna kositiki soda pafupifupi magalamu 135, koma mafuta ena ali ndi muyezo wawo. Soda ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu soda. Poto wa aluminiyamu ayi, amadyeka. Valani magolovesi ndi magalasi, ana akhale kutali. Sopoyo mukamudula, muyaleni popita mphepo kwa milungu 4 mpaka 6 musanayambe kusambira.