Aloo matar: msuzi ukuchita timibulu, mbatatesi sizikufewa

NyaChiputula

Moni nonse. Ndikupempha nzeru pa ndiwo ya ku India ija ya mbatatesi ndi nsawawa, aloo matar, makamaka ya msuzi wokhuthala wa kirimu. Ndikathira mkaka kumapeto msuzi umachita timibulu toyera, madzi n'kukhala paokha. Mbatatesi nazo zimatsala zolimba m'kati pamene nsawawa zafota kale n'kutuwa. Ndimaphikira pa mbaula. Ndithandizeni miyeso ya anthu 5, komanso chimene ndingathire kirimu akasowa, chifukwa kuno ku Mzuzu sapezeka nthawi zonse.

Mayi wa ku Luwinga

Achemwali, mavuto onse awiriwo gwero lake ndi limodzi: asidi wa m'tomato. Mbatatesi zaziwisi zikalowa mumsuzi wowawasa zimachedwa kwambiri kufewa, ndipo asidi yemweyo akakumana ndi moto waukulu ndi amene amadula mkaka. Choncho nkhani yonse yagona pa chimene chiyambe kulowa m'poto ndi chimene chitsirize.

Konzani theka la kilo ya mbatatesi, kapu imodzi ndi theka ya nsawawa zosenda, anyezi 2, tomato 3 wakupsa bwino, tizidutswa 4 ta adyo ndi jinja wotalika masentimita 3. Mbatatesi muzidule mofanana, masentimita 2 mbali zonse, muziwiritse pazokha m'madzi amchere mphindi 8. Mpeni uzilowa koma pakati pazikhala polimbirako. Madzi akewo musataye.

Tenthetsani masupuni aakulu 3 a mafuta, muthire supuni yaing'ono imodzi ya njere za jira, amene m'mashopu amalembedwa cumin. Zikangoyamba kuthetheka ndi kununkhira, patatha masekondi 20 kapena 30, thirani anyezi wodula bwinobwino. Jira akada ndiye kuti wapserera, ndipo kuwawa kwake sikuchoka; bola kutaya mafutawo n'kuyambanso. Anyezi musamuthamangitse. Amafuna mphindi 10 mpaka 12 pamoto wapakati kuti afiire mpaka m'kati, chifukwa ndi iye amene amakhuthalitsa msuzi ndi kuupatsa kutsekemera. Kenako adyo ndi jinja wosinja, mphindi imodzi basi.

Zokometsera za ufa zimapserera msanga kuposa njere, ndiye muzisungunule kaye m'masupuni 2 a madzi: theka la supuni yaing'ono ya turmeric, masupuni aang'ono 2 a dhania (coriander) wogaya, theka la supuni yaing'ono ya tsabola. Zikalowa, takasani pang'ono n'kuthira tomato wopala pa gireta pamodzi ndi supuni yaing'ono ya mchere. Apa ndi pamene ambiri amafulumira. Tomato apse mpaka madzi ake athe, aderepo, mafuta ayambe kuoneka m'mbali mwa poto. Zimatenga mphindi 8 mpaka 10, ndipo kupanda kutero msuzi umamveka tomato wamuwisi.

Tsopano thirani mbatatesi ndi kapu imodzi ndi theka ya madzi aja, muvindikire mphindi 6, kenako nsawawa mphindi 5 kapena 7. Tswanyani zidutswa 3 za mbatatesi ndi mthiko kuti msuzi ugwirane. Phulani poto, dikirani kubwata kusiye, ndiye muthire theka la kapu ya kirimu ndi theka la supuni yaing'ono ya garam masala, ufa wa zokometsera zosakaniza za ku India.

Bambo wa ku Katoto

Amayi alongosola bwino, ine ndingowonjezera za kirimu. Mkaka wamba uli ndi mafuta ochepa, pafupifupi 3.5 peresenti, pamene kirimu wokhuthala amafika 30 peresenti kapena kupitirira. Mafutawo ndi amene amateteza mapuloteni kuti asagwirane timibulu. N'chifukwa chake mkaka, yogati ndi chambiko zimaduka msanga kuposa kirimu.

Ngati muli ndi chambiko kapena yogati wosatsekemera, tengani theka la kapu, muthiremo supuni yaing'ono imodzi ya ufa wa tirigu, mupakase mpaka zisalale. Musachithire chozizira. Tungani msuzi wotentha masupuni 3, muzithira m'chambikomo supuni imodziimodzi mukutakasa, kenako zonse zibwerere m'poto. Zikhale pamoto wochepa mphindi 3 kuti ufa upse, osabwata. Pa mbaula, chepetsani makala kapena tsekani kachitseko ka mphepo musanabwezepo poto. Chambiko n'chowawasa kale, ndiye tomato akhale 2 m'malo mwa 3.

Koma ine ndimalimbikitsa nsinjiro. Ku India ambiri amakhuthalitsa msuzi wotere ndi cashew wosinja, ndipo mtedza wathu umagwira ntchito yomweyo popanda mantha a timibulu. Masupuni aakulu 2 a nsinjiro zosefa, zosungunula m'theka la kapu ya madzi ofunda, zilowe pamodzi ndi mbatatesi kuti zipse mphindi 10 kapena kupitirira. Muzitakasa kufika pansi chifukwa zimakakamira. Mukapitirira masupuni 2, fungo la mtedza limakwirira jira ndipo ndiwo imasanduka yotendera. Mkaka wa kokonati nawonso suvuta, kapu imodzi, ngakhale kakomedwe kake kamasiyana ndi ka ku Punjab, dera la kumpoto kwa India, kumene ndiwoyi imadziwika kwambiri.

NyaZolozolo

Pa mbatatesi pokha ndisiyana nawo pang'ono Amayi a ku Luwinga. Kuwiritsa kumathandiza, koma mbatatesi zaufa zimagumuka zikalowanso mumsuzi. Kuli bwino kuzikazinga m'mafuta ochepa mphindi 8 mpaka m'mbali mufiire, kuziphula, n'kukazingira jira ndi anyezi m'mafuta omwewo. Kakhungu kamene kamapangika kunja kamagwira chidutswa kuti chisaphwanyike. Mukatero onjezani nthawi yamumsuzi musanathire nsawawa ifike mphindi 12. Mukumbukirenso kuti Mzuzu ili pamtunda, mamita opitirira 1,200, ndipo madzi kuno amabwata asanafike madigiri 100. Nthawi zolembedwa m'mabuku muziwonjezerako pang'ono, ndipo muzikhulupirira mpeni kuposa wotchi.

Chonde musathire soda kapena chidulo pofuna kuti nsawawa zikhale zobiriwira. Mtundu umasungikadi, koma zimaphwetekera n'kumveka ngati sopo. Chimene chimazituwitsa ndi kukhalitsa mu tomato. Pogula pamsika waukulu kapena ku Zigwagwa, sankhani za makoko obiriwira othetheka mukawathyola. Zokhwima, za makoko oyera, muziwiritse pazokha mphindi 10 musanazithire. Za mufiriji zimangofuna mphindi 3, za m'chitini mphindi imodzi mutazitsuka. Mbatatesi zobiriwira khungu kapena zophuka zisiyeni, zimawawa ndipo si zabwino m'thupi.

NyaChiputula

Zikomo kwambiri nonse. Nanga ndikakhala ndi curry powder yekha, popanda jira ndi garam masala, zingatheke? Ndipo msuzi ukaduka kale ungakonzedwe?

Mayi wa ku Luwinga

Zitheka, achemwali. Supuni yaikulu imodzi ya curry powder ilowe m'malo mwa turmeric, dhania ndi tsabola, yosungunula m'madzi chimodzimodzi. Turmeric musawonjezerenso chifukwa alimo kale, ndipo akachuluka amawawa. Jira yekhayo yesetsani kumupeza, kapaketi kamodzi kamakhalitsa.

Msuzi woduka ndi wodyeka ndithu, kungoti suoneka bwino. Uphuleni, vuulani mbatatesi ndi nsawawa, musefe msuziwo mukukanikiza ndi supuni. Sungunulani supuni yaing'ono ya ufa wa tirigu m'madzi ozizira, muthire, mutakase pamoto wochepa mphindi 3, kenako mubweze zonse. Ngati mukudyera mpunga wa Kilombero msuzi ukhale womasukirako, wa chapati ukhale wokhuthala. Wotsala mukamatenthetsa mawa lake, thiranimo madzi pang'ono chifukwa mbatatesi zimamwa msuzi usiku, ndipo moto ukhale wochepa.